Mainchesi Atatu

Foni yalira ndili ndi singano kukamwa.
Ndi Temwanani, ali ku Kepi:
"Bambo, mundisokere diresi,
miyeso ndi iyi."
Chifuwa 91. Chiuno 76.
M'munsi mwake 102, kutalika 137.

Ndaseka ndekha pakhonde la sitolo
mpaka a Chavula osoka nsapato atukula mutu.
Chiuno 76! Mwana wanga wasanduka mlambe?
Kenako ndaona timalemba tiwiri kumapeto.
Kodi ndi masentimita.

Tepi yanga ili ndi nkhope ziwiri,
koma ya masentimita inafufutika kalekale.
Zaka makumi awiri ndi ziwiri chala chikuikhula
ine ndikuwerenga kuseri kwake.
Ndinaphunzira kwa telala wa mainchesi,
amene ankayeza yadi kuchokera pamphuno
kufika kunsonga ya chala,
ndipo sanaperewezepo nsalu.

Fumbani wogulitsa mayunitsi wabwera
akunjenjemera ndi chifunga cha ku Katoto.
"Gawani ndi 2.54, madala."
Ndati, bwanji osangoti awiri ndi theka?
Wagwedeza phewa: "Kotsalako ndi kanyenyeswa."
Mwanawe, kanyenyeswako
ndi kamene kamang'amba diresi m'khwapa
mwini wake akukweza mkono kutchalitchi.

Tagawa ndi choko patebulo.
Chifuwa, yadi yathunthu.
Kutalika, yadi ndi theka.
M'munsi, makumi anayi.
Chiuno, makumi atatu.

Ndabwereza. Makumi atatu.

Pansi pa makina pali kope la mafutamafuta
momwe muli mapewa a theka la Chiputula.
Tsamba lake ndalipeza msanga,
la chaka chimene anakwera basi
atavala siketi yobiriwira ya m'manja mwanga.
Chiuno, makumi awiri ndi asanu ndi awiri.

Mainchesi atatu abwera osagogoda.

Mwina akudya bwino.
Mwina anadziyeza atavala juzi,
paja nakonso akuti kumazizira.
Mwina tepi ya kumeneko ndi yowolowa manja.
Mwina.

Ku Taifa ndapempha mayadi anayi a bafuta wamaluwa.
Nyasulu wati, "Ife ndi mamita, bambo,
mayadi anapita ndi tambala."
Wayala nsalu pa ndodo yake, ine ndayala tepi pambali:
mita yaposa yadi ndi mainchesi atatu
ndi kanyenyeswa kena.
Atatu omwewo andipezanso kuno,
pakati pa mabelo ndi matope.

Tsiku limene anabadwa, namwino anati
makilogalamu awiri ndi mfundo zisanu ndi zitatu.
Mayi ake, ali thukuta kamukamu, anafunsa,
"Ndiye kuti bwanji?"
Namwino anaganiza pang'ono:
"Mapaketi atatu a shuga, otapako."
Apo mpamene tinamvetsa, tinaseka.
Ine ndinamuyeza ndi zikhatho,
ziwiri ndi zala zinayi,
muyeso umene sunalowe m'kope lililonse.
Akanakhalapo mayi akewo lero
akanangoyang'ana manambala aja kamodzi
n'kudziwa.

Magetsi azima cha m'ma folo koloko.
Ndakokera makina opalasa kufupi ndi kuwala,
mvula yowaza ikunyowetsa mwendo wa tebulo.
Ndadula chifuwa monga analembera,
kutalika monga analembera.
Pachiuno sizasi yaima.

Ndasiya inchi ndi theka mbali iyi,
inchi ndi theka mbali inayo,
ndazipindira m'kati, ndasita kuti zisaoneke.
Msoko wake ndasoka motakasuka,
woti lezala ikhoza kumasula
popanda kuvulaza duwa n'limodzi lomwe.

Madzulo walembanso:
"Mwaimvetsa miyeso ija, bambo?"
Ndalemba kuti ndamva. Ndafufuta.
Ndalemba funso lalitali. Ndafufutanso.
Fumbani wati mayunitsi anga atsala ochepa.

Ndangoti: Loweruka ikwera basi,
ndaikulunga m'pulasitiki iwiri chifukwa cha mvula.
Ikathina, uyang'ane m'kati.